Mmene Ndinaonera Katuni ya Mwana Wanga Pawindo

Anzanga, nkhani iyi ndimaikamba ndikuseka, koma mukaona ndasiya kuseka pakati musadabwe, ndi mmene ilili. Ine ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zitatu, khumi zomalizira ndili mphunzitsi wamkulu pa kasukulu kena kufupi ndi Golomoti, ndipo ngakhale ndinapuma kalekale anthu amanditchulabe kuti a Hedi. Pali matenda amodzi amene ndinatuluka nawo ku ntchito imeneyi, matenda a maikolofoni. Ukwati, chinkhoswe, maliro, kutsegulira mjigo, woyendetsa mwambo ndine, ndipo malemu mkazi wanga, a Nachisale, ankati ndikagwira maikolofoni ndimaiwala kuti anthu ali ndi mbuzi zoti akatsekere. Iwo anali ndi mankhwala ake. Ankakhala kutsogolo n'kumandikhosomolera dala, koyamba kunali kundichenjeza, akakhosomola kachiwiri ndinkadziwa kuti ndikhale pansi ngakhale ndili pakati pa chiganizo. Papita zaka ziwiri chiwaikire m'manda, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso wondikhosomolera.

Mwana wathu wotsiriza, Esnati, amakhala ku Lilongwe, ntchito yake ndi yojambula makatuni, tizithunzi tija timayenda ndi kulankhula pa TV ana n'kumaonera pakamwa pali yasa. Kunena zoona ine ntchito imeneyi sindinkaiwerengera. Mwana wa a Hedi, m'malo mophunzira unamwino, n'kumajambula abuluzi? Koma iye ndi anzake atatu anatha chaka chonse ndi miyezi akupanga gawo loyamba la katuni yawoyawo ya m'Chichewa, la mphindi khumi ndi ziwiri zokha, loti akuluakulu a ku TV akaliona aganize ngati angawalole kupanga magawo ena. Nkhani yake ndi ya kamtsikana koweta mbuzi, dzina lake Sungeni, kamene mvula itakana kugwa kanalowa m'mphako ya mlambe n'kupeza kuti m'kati mwake muli dziko lina, kumene mvula yonse anaitsekera m'mitsuko, ndipo mlonda wa mitsukoyo ndi ng'anzi yaikulu yamwano. Mawu a ng'anziyo ndi anga. Anadzandijambula chaka chatha m'chipinda changa titaimika matiresi kukhoma kuti atambala asamveke, ine n'kumawerenga mizere yanga yokha papepala, moti mmene nkhaniyo inathera sindinkadziwa.

Tsono akuluakulu a ku TV aja anamuuza kuti Lolemba lake apite ndi zinthu ziwiri, katuniyo, komanso kanema woonetsa nkhope za ana akumudzi akuionera koyamba popanda wowauza poti aseke. Ana akaikonda, ntchito ipitirira. Akatopa n'kuyamba kutsinana, chaka chonse chija chalowa m'madzi. Ndiye anandiimbira foni.

“Bambo, ndikufuna zinthu zitatu basi. Kalasi imodzi Loweruka masana, ana makumi atatu amene makolo awo avomera, ndi batire lanu la sola lodzadza bwino. Laputopu yanga sisunga moto, ndiye zonse zidalira batirelo.”

“Zimenezo n'zazing'ono, mwanawe.”

“Ana okhaokha, bambo. Mwamva? Ana okhaokha.”

“Ndamva! Kodi ukuyesa ukulankhula ndi mwana?”

Ndipo ndinamvadi. Ndikulumbira, cholinga changa chinali choyera. Kungoti Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinangowanong'oneza a katekisi athu kuti mawu anga amveka pa kanema Loweruka, iwo n'kunena kuti chinthu chachikulu chotere sichingayambe popanda pemphero. Nanga munthu wofuna kudzakupempherera ungamukane bwanji? Koma a katekisi akabwera, nanga a tcheyamani a komiti ya sukulu, eni ake a kalasi tikubwerekayo? Ndipo a tcheyamani akakhalapo, amfumu awiri amene ana awo amaphunzira pamenepo adzamvere kwa anthu? Nanga a shehe, popeza ena mwa ana aja ndi ochokera m'mabanja a Chisilamu? Alangizi a zaulimi ndinawaitana chifukwa nkhaniyo ndi ya mvula. Alangizi a zaumoyo ndinawaitana chifukwa ndinaitana a zaulimi. Kwathu kuno simungaitane mmodzi n'kusiya mnzake, chifukwa mawa mudzakhala naye mphasa imodzi pamaliro ndipo sadzakuyang'anani. Pofika Lachinayi ndinali nditalemba makalata makumi awiri ndi asanu ndi limodzi, ndi dzanja langa lachihedi lija, ndipo pamwamba pa kalata iliyonse ndinalemba kuti Mwambo Wokhazikitsa Kanema wa Ana.

Alongo anga aakulu, a Zelesi, amene amandiphikira chimwalirire mkazi wanga, anandipeza ndikupinda makalatawo.

“Achimwene, mwana uja anati chiyani pafoni?”

“Alongo, inu za mwambo simuzidziwa.”

“Ine ndimadziwa za inu,” anatero, n'kutuluka.

Esnati anatsika minibasi pa Golomoti Lachisanu madzulo ali wotopa, maso ali psuu, chikwama cha zipangizo atachikumbatira pamtima. Ndinaona kuti si bwino kumutopetsa ndi nkhani, ndiye sindinamuuze kanthu. Loweruka masana tinapita limodzi kusukulu, ine ndili m'suti yanga yakuda ndi tayi, dzuwa la Okutobala lija loti ngakhale nkhuku zimayenda zitatambasula mapiko. Atasuzumira m'kalasi anaima pakhomo. Munali mipando yobwereka kutchalitchi, tebulo loyala nsalu yoluka, maluwa m'botolo, kreti ya zakumwa, ndi ndowa ziwiri za thobwa pakona.

“Bambo, ichi n'chiyani?”

“Ndi ulemu chabe, mwanawe. Mphindi zisanu tatha.”

Anaika laputopu, kamakina koponya zithunzi pansalu ndi kasipika kake patebulo, n'kuzilumikiza ku batire kudzera m'kabokosi kena. Anapachika nsalu yoyera kutsogolo, n'kutchinga mawindo onse ndi zitenje kuti mukhale kamdima, n'kuimika foni yake pa kamtengo ka miyendo itatu itayang'ana kumene kukhale oonera. Ana makumi atatu aja anali atafika kale, atasamba n'kudzola mafuta, ena atavala zovala za Khirisimasi, ndipo anakhala pansi kutsogolo kwenikweni, mawondo ali pamodzi, akunong'onezana. Esnati anayatsa foni kuti iyambe kujambula, kenako anathamangira kunyumba kukatenga chingwe chimene anaiwala. Pamenepo mpamene Satana anapeza mpata, ndipo ndisamunamizire, sanavutike kwenikweni.

Alendo anga anayamba kufika. Koma inu mukudziwa kuti kalata imodzi kwathu kuno imabweretsa anthu atatu, mwini wake, mkazi wake, ndi mlamu amene anangokumana naye panjira. Makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi aja anasanduka khamu, mipando inatha, ndipo ndinaona amfumu ataimirira ndi ndodo yawo pomwe kamwana ka sitandade wanu kali phee pansi pamalo abwino. Magazi a uhedi anandikwera kumutu. Ndinawauza ana asunthire kumbuyo. Kumbuyo kutadzaza ndinawauza akhale m'mbali mwa khoma. Atafika amayi a kwaya, amene sindinawaitane n'komwe koma anabwera ndi yunifolomu, ndinapinda pepala la ndondomeko ya mwambo ngati kandodo n'kukuwa ndi mawu aja ankanjenjemeretsa ana pa asembule.

“Ana nonse panja! Mulibe ulemu? Muonera pawindo!”

Anatuluka mwakachetechete, wina akukoka dzanja la mng'ono wake. Mawindo ndinawalozerawo ndi omwe aja anali atatchingidwa ndi zitenje, koma zimenezo sizinandibwerere m'mutu. Ndinali wotanganidwa ndi chinthu china. Ndinali nditabwereka chimkuzamawu cha paukwati, chija chimamveka mpaka kumsewu wa tala, ndipo popeza panalibe moto wina ndinachilumikiza ku batire lomwelo.

Esnati pobwera ndi chingwe anapeza ana ake ali m'dzuwa panja, m'kati muli zipewa ndi mipango yokhayokha, a katekisi ataimirira kale manja ali m'mwamba. Mwana woleredwa bwino angadule pemphero? Angakalipire bambo ake pamaso pa amfumu? Anadikira amen, n'kubwera mowerama, n'kugwada pambali pa mpando wanga.

“Bambo, ana anga?”

“Alowa ikamayamba.”

“Nanga chimkuzamawuchi chikudya moto uti? Batire limeneli silipitirira ola limodzi ndi theka.”

“Batire limeneli ndi langa, ndimalidziwa,” ndinatero, n'kumubweza ndi dzanja mmene umabwezera mwana wofuna kupita kuchimbudzi mayeso ali m'kati.

A shehe anapemphera nawonso, mwachidule, Mulungu awadalitse. Kenako ndinaimirira kulonjera alendo mmodzimmodzi ndi maudindo awo, ndipo nditafika kumapeto wina anandinong'oneza kuti ndadumpha wachiwiri kwa a tcheyamani. Kodi mukanakhala inu mukanangomutchula pamapeto ngati chinthu chotola? Ndinayambiranso pachiyambi. A tcheyamani analankhula za denga la kalasi lodontha. Alangizi a zaulimi analankhula za manyowa. Amfumu oyamba anathokoza, achiwiri anathokoza kuthokoza kwa oyamba, amayi a kwaya anaimba nyimbo ziwiri ndi maikolofoni, ndipo itakwana nthawi yanga ndinati ndingonena mawu awiri okha za mwana wanga. Ndinayambira tsiku limene anabadwa ku chipatala cha ku Mua, mvula ikugwa, ine nditakwera njinga yopanda mabuleki. Nditafika pa sitandade folo yake ndinamva kenakake kakulira, tii, tii, tii.

“Abale, tiyeni tilemekeze mwambo,” ndinatero mokalipa. “Amene muli ndi mafoni muzimitse!”

Akuluakulu onse anayamba kupisa m'matumba, amfumu mpaka anapereka foni yawo kwa a tcheyamani kuti awazimitsire. Kulirako sikunasiye. Kanali kabokosi kaja kolumikiza ku batire, kakudandaula kuti moto ukutha, ndipo m'chipinda chonsecho amene ankadziwa zimenezi anali Esnati yekha, atakhala pansi pambali pa laputopu yake, mutu ali zyoli. A Zelesi anakhosomola kumbuyo, ndinawamva bwinobwino, koma chifuwa cha alongo si chifuwa cha a Nachisale. Ndinapitiriza mpaka fomu folo.

Tinayamba mwambo wani koloko. Katuni inayamba itadutsa fili. Ana ambiri anali atapita kale, ena kukatunga madzi, ena kukabweza mbuzi, otsalawo anali atakwera pa njerwa n'kumasuzumira m'timipata ta zitenje, diso limodzi limodzi. Malo oti alowe munalibe, ndipo ine ndinali nditaiwala kuti ndinalonjeza.

Koma abale inu, chinthu chinali chokongola! Ndinaona mlambe weniweni wa kwathu kuno, wonenepa, nthambi zili gwaa, mapiri a Dedza ali kumbuyo kwake, mbuzi zothothoka ubweya ngati zathu zomwe, kamtsikana kali ndi chigamba padilesi kakulankhula Chichewa chomwe timalankhula pamjigo. Alangizi a zaulimi anavula magalasi n'kuwapukuta. Kanalowa m'mphako, kanatsika masitepe a mizu, kanatulukira kumene kumwamba kwake n'kobiriwira ndipo mitsuko yaikulu yangoti ndandanda mpaka kosaoneka, uliwonse ukugunda m'kati ngati ziphaliwali zili m'tulo. Ndiyeno inatulukira ng'anzi ija, mimba ili pansi, n'kutsegula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka anali anga. Munthu wanzeru akanangomwetulira. Ine ndinalumpha n'kugwira maikolofoni.

“Amene mukumumvayo ndine! Inde, ndine ndemwe! Ndipo ndikufotokozereni mmene tinajambulira...”

Ndinafotokoza za matiresi, za atambala, za mmene ndinabwerezera mzere umodzi kasanu ndi kawiri, chimkuzamawu chikuphimba katuni yonse, moti zimene Sungeni anaiyankha ng'anziyo palibe anazimva. Ndinali nditafulatira nsalu ija. Kumbuyo kwanga kamtsikanako kanali katakhala pansi pakati pa mitsuko yokana kutseguka, kakulira, n'kukumbukira mayi ake akupeta mpunga pakhonde. Ine osaona. Ndinangomva, kuchokera m'kasipika ka Esnati, munthu akukhosomola kamodzi, pang'onopang'ono, mokonza kukhosi.

Mawu anandithera m'kamwa. Chifuwa chimenecho ndinakhala nacho nyumba imodzi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ndinatembenuka, ndipo mayi wojambulidwa uja, ali ndi lichero m'manja, anayamba kuimba kanyimbo kaja a Nachisale ankaimba akamagwira ntchito ali okha, ndi mawu awo enieni, otsika, osathamanga. Anaimba mzere umodzi. Kabokosi kanalira kotsiriza, ndipo nsalu ija inangoti mbee, n'kukhala nsalu wamba yopachika pakhoma.

Kenako a Zelesi kumbuyo anati, “Mayo ine, amenewo ndi alamu.” Abambo anayamba kuvula zipewa mmodzimmodzi. Amayi a kwaya, amene anaimba ndi mkazi wanga zaka zonse zija, anaphimba nkhope ndi mipango. Ine ndinali chiimire, maikolofoni yakufa ili pakamwa, thukuta likutsikira m'kolala, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinali pamaso pa anthu ndilibe choti ndinene. Amfumu aakulu anadzuka, anandigwira paphewa n'kunena motsitsa kuti, “A Hedi, ife tizipita.” Thobwa lija palibe analikhudza.

Tinatsala awiri. Esnati ankapinda zingwe mosamala kwambiri, osandiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandikalipira.

“Ndinawajambula pafoni chaka chomwe anayamba kudwala, iwo osadziwa,” anatero. “Sindinakuuzeni dala. Ndimafuna muwamve mutakhala pakati pa ana.”

“Mwananga...”

“Lolemba ndikaonetsa chiyani, bambo?”

Anandipatsa foni ija inkajambula. Musadzafune kudziona nokha, anzanga, n'zowawa. Ndinaona tinkhope makumi atatu tonyezimira mafuta tikudikira, kenako mdala wina wa suti yakuda akulowa ndi kapepala kopinda n'kumatipirikitsa ngati nkhuku pa mphale. Kamtsikana kena kanacheuka pakhomo kuyang'ana nsalu yoyera ija kamodzi kokha, n'kutuluka. Zotsatira zake zinali zipewa, amfumu achiwiri akusinza, ndi mkono wanga ukukwera ndi kutsika kwa maola awiri. Chaka chonse cha mwana wanga, ndi mawu a mayi ake, ndinazisinthanitsa ndi mbiri ya njinga yopanda mabuleki.

Ndinavula jekete ndi tayi pomwepo. Ndinamanga batire pakaliyala ya njinga n'kuyamba kukankha kupita pa Golomoti, kwa mkulu wina wometa amene ali ndi magetsi, chifukwa dzuwa linali litapendeka ndipo sola sikanathandizanso. Batire ndi lolemera, mchenga wa njira yathu mukuudziwa, ndipo aliyense wokumana naye ankaima n'kufunsa mwaulemu kuti, “A Hedi, mwambo unayenda bwanji?” Ndinkangoti, “Unayenda,” n'kumakankha. Esnati anavomera kusiya minibasi ya Lamulungu m'mawa kuti tiyeserenso kuonetsa ana, adzakwere yamadzulo, koma anati ngati ana sabweranso sadzandiimba mlandu, angopita. Mawu amenewo anandipweteka kuposa batire.

Lamulungu ndinalawirira kukatenga batire, ndipo itatha Misa yoyamba, m'malo mowerenga zolengeza monga mwa masiku onse, ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Makolo ankavomera msanga, vuto linali eni ake. Ana akangondiona ankazemba kuseri kwa nkhokwe. Ndinakawapeza ambiri pamjigo, ndipo atandiona anasiya kupopa, madzi n'kumangodontha. Ine amene ndinagwaditsa ana a midzi isanu ndi iwiri, ndinavula chipewa, n'kunjuta pansi kuti maso athu alingane, mawondo akulira.

“Ana inu, dzulo ndinalakwa. Kanema uja anali wanu, ine ndinakuthamangitsani. Pepani. Bwerani masana ano mudzamuonere.”

Anayang'anana. Kamtsikana kaja kanacheuka pakhomo, ka mano awiri oguluka, kanatula ndowa yake pansi.

“Mukalankhulanso?”

“Ayi.”

“Ngakhale pang'ono?”

“Ngakhale pang'ono.”

“Nanga inuyo mukakhala pati?”

“Panja,” ndinatero.

Ananong'onezana kaye, ngati komiti, kenako anati abwera.

Anabweradi, oposa makumi atatu. A Zelesi anakhala pakhomo pa mpando, mikono atapinda, ndipo anandiuza pamaso pa ana kuti ndikangoponda pakhonde andithira thobwa la dzulo lija. Ndinazungulira kuseri, ndinapeza njerwa ziwiri zosanjikiza zimene ana anasiya, n'kukwerapo, mdala wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri, diso limodzi pa kampata ka chitenje. Nsalu yoyera ndinkaiona mwapambali, koma nkhope za ana ndinkaziona zonse.

Sanatsinane, anzanga. Mbuzi ya Sungeni itadya mpango wake anaseka mpaka ena kugona chagada. Atalowa m'mphako anagwirana manja. Itatulukira ng'anzi n'kutsegula pakamwa, kalasi yonse inakuwa pamodzi, “A Hedi! A Hedi! Thawa, Sungeni!” ndipo kamnyamata kena kanavula patapata kuti kaigende. Ndinalandira, ndinali nditaziyamba ndekha. Kenako Sungeni anakhala pansi pakati pa mitsuko, ana onse n'kuti chete, ndipo chifuwa chija chinamveka, kamodzi.

Ulendo uno nyimbo inatha yonse. Ndinaimva nditagwira chitsulo cha windo chotentha ndi dzuwa, osachimva kutentha. Sungeni anayamba kuimba motsatira mayi ake, zivindikiro za mitsuko zinayamba kunjenjemera, kenako zinatseguka umodzi umodzi, mvula n'kukwera m'kati mwa mlambe n'kukagwa pamudzi pawo, pa mbuzi, pa madenga a udzu, ndipo ana m'kalasimo, popanda wowauza, anatambasula manja m'mwamba kuti awakhe madontho. Ndinaona Esnati pakona atagwira pakamwa, foni yake ikujambula zonse.

Amayi angapo obwera kudzatenga ana awo anali ataima kumbuyo kwanga akumvetsera. Ndipo taonani matenda, abale! Ndi misozi ili m'masaya, ndinamva chifuwa changa chikufufuma, ndinatembenuka panjerwapo, ndinakweza chala, n'kutsegula pakamwa kuti ndiwafotokozere amene akuimbayo, kumene tinakumana, chaka chake, ndi mmene ndinawafunsirira. Ndisanatulutse liwu, mayi wa m'katuni uja anamaliza kupeta, mankhusu a mpunga anamulowa kukhosi, ndipo a Nachisale anakhosomola kachiwiri, n'kuseka pang'ono.

Ndinatsika panjerwa n'kukhala pansi, pafumbi pomwepo, ndi buluku la tchalitchi. Ndinalira mmene sindinalirire tsiku la maliro awo, chifukwa tsiku limenelo ndinali wotanganidwa kuona ngati mwambo ukuyenda bwino. Amayi aja anangosunthira pamthunzi.

Madzulo ake ndinamuperekeza Esnati pa siteji, nditamunyamulira chikwama. Tikudikira minibasi yopita ku Salima ndinamufunsa.

“Chifuwa chija, bwanji sunachichotse? Si mumatha kudula zinthu pa makina anuwo?”

“Choyamba anzanga anati chikhale, chikukometsa.”

“Nanga chachiwiri?”

“Chachiwiri anati tichotse. Ine ndinakana.” Anandiyang'ana koyamba chichokere Loweruka. “Ndinasiyira inu, bambo. Ndimadziwa kuti pofika pamenepo mukhala mukulankhula.”

Patapita milungu iwiri anaimba foni kuti akuluakulu aja awalola kupanga magawo ena atatu kuti aonenso. Akuti chimene chinawagwira mtima ndi timanja tija tili m'mwamba. Kanema wa Loweruka uja sanawaonetse, koma sanamufufute, akuti akusunga kuti ndikadzayambiranso adzamutumize kwa amayi a kwaya.

Tsono mwina mwadabwa kuti masiku ano a Hedi akaimirira paukwati sachedwa. Sikuti ndinachira, matendawa alibe jakisoni. Kungoti tisanasiyane pa siteji paja Esnati anatenga foni yanga n'kuikamo kanthu, n'kundiphunzitsa podina. Ndikamapatsidwa maikolofoni ndimadina kaye n'kuika foniyo m'thumba la jekete, pamtima. Pakatha mphindi zisanu, m'thumbamo mumamveka munthu akukhosomola kawiri, motsitsa, moti oyandikana nane amayesa ndine. Ndimathokoza anthu n'kukhala pansi, ngakhale ndili pakati pa chiganizo. Ndipo ndinalumbira kuti mwana akadzandiuzanso kuti ana okhaokha, ine ndidzanyamula njerwa zanga ziwiri n'kuzungulira kuseri ndekha, osadikira kuti alongo anditengere thobwa.